Clements Kadalie: Mphunzitsi wa kunyanja amene adasonkhanitsa antchito akuda ku South Africa

Tsidya lina la nyanja ya Niassa, moyang'anana ndi Cóbuè ndi chilumba cha Likoma, kuli dera la Atonga m'boma la Nkhata Bay ku Malawi. Kumeneko, m'mudzi wa Chifira pafupi ndi mishoni ya Bandawe, ndiko kudabadwira Clements Kadalie mu Epulo 1896. Asanakwanitse zaka 32, mwana wa m'mudzi umenewu adali atakhala mtsogoleri wa bungwe la antchito akuda lalikulu kuposa lililonse lomwe lidaonekapo kumwera kwa Africa kufikira nthawi imeneyo. Bungwelo linkadziwika ndi zilembo zitatu, ICU, ndipo ndi mtundu wa bungwe lomwe kwathu kuno timalitchula kuti sindikato.

Moyo wa Kadalie ukutionetsa kuti tsankho la khungu silidali nkhani ya chidani ndi kutukwana kokha. Lidalinso njira yoikira mtengo wa thukuta la munthu. Ukutionetsanso zomwe antchito angachite akagwirizana, komanso zomwe zimaphwanya mgwirizano wotere.

Sukulu ndi ulendo wa kumwera

Kadalie adali mdzukulu wa mfumu Chiweyu ya Atonga. Adaphunzira ku Livingstonia, sukulu ya amishoni a ku Scotland yomwe inkatsogoleredwa ndi Dr Robert Laws, ndipo adamaliza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka 16. Kwa kanthawi adaphunzitsa m'masukulu a kumidzi. Koma Nyasaland, monga momwe Malawi ankatchulidwira nthawiyo, idalibe ntchito zokwanira anyamata ophunzira, malipiro adali ochepa, ndipo msonkho wa nyumba unkafunika chaka ndi chaka. Amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja ankachoka kukafuna ndalama kumwera. Mu 1915 nayenso Kadalie adanyamuka.

Ntchito yake yoyamba kunja kwa dziko lake adaipeza kuno ku Mozambique, komwe adakhala kalaliki pamunda wa thonje kwa nthawi yochepa. Kenako adalowa mu Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, n'kukhala kalaliki pamgodi wa golide wa Shamva. Kalaliki wa pakomboni amaona zambiri: ndiye amalemba maina, masiku ogwira ntchito ndi ndalama zodulidwa. Kadalie adaona amuna akumenyedwa ndi kulangidwa pa zifukwa zazing'ono, ndipo patapita zaka adalemba kuti nkhanza za ku Rhodesia ndizo zidayatsa moto mumtima mwake. Atagwirakonso ntchito ku Bulawayo, adafika ku Cape Town mu 1918, komwe mbale wake Robert adali kale.

Momwe khungu linkaikira malipiro

Kuti timvetse zomwe Kadalie adapeza, tiyenera kudziwa momwe ntchito idakonzedwera ku South Africa nthawi imeneyo. Lamulo la malo la 1913 lidasiyira anthu akuda, omwe adali ochuluka m'dzikomo, gawo losafika ngakhale limodzi mwa magawo khumi a nthaka yonse. Munthu wopanda munda wokwanira sangachitire mwina koma kukagwirira wina ntchito. Malamulo a chitupa ankaletsa munthu wakuda kuyenda momasuka kukafuna bwana wolipira bwino. Malamulo ena, onena za bwana ndi wantchito wake, ankati kusiya ntchito pangano lisanathe ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. M'migodi ya golide, ntchito zaluso zidasungidwira azungu, ndipo mzungu ankalandira ndalama zoposa kakhumi za munthu wakuda.

Malamulo onsewa ankathandizana. Lina linkachotsa munthu pamunda, lina linkamumanga miyendo, lina linkamutseka pakamwa, ndipo mapeto ake eni migodi, mafamu ndi madoko ankapeza antchito otchipa. Agogo athu akuidziwa njira imeneyi, chifukwa msonkho, chibalo ndi malamulo a indigenato zinkagwira ntchito yofanana kuno kwathu. Komanso gawo lalikulu la amuna omwe ankakumba golide ku Johannesburg lidali lochokera kumwera kwa Mozambique, otengedwa ndi kampani yolemba anthu ntchito ya Wenela.

Padoko la Cape Town

Tsiku lina mu 1918, Kadalie akuyenda mumsewu wa Darling ku Cape Town, wapolisi wachizungu adamukankha kumuchotsa pakanjira ka oyenda pansi. Mzungu wina dzina lake A. F. Batty, yemwe adali wodziwa za mabungwe a antchito, adaona zimenezo ndipo adayamba kucheza naye. Batty ankapikisana pa chisankho m'dera la kudoko. M'chigawo cha Cape amuna ena akuda ndi makaladi omwe adali ndi katundu kapena malipiro ofika pamlingo wina ankaloledwa kuvota, choncho Kadalie adamuthandiza kukopa anthu. Batty adalephera chisankhocho, koma awiriwa adagwirizana zoyambitsa bungwe la antchito a padoko.

Mu Januwale 1919 padachitika msonkhano woyamba, ndipo anthu 24 adalembetsa. Ambiri adali makaladi onyamula katundu m'sitima za pamadzi. Kadalie adasankhidwa kukhala mlembi. Dzina lonse la bungwelo lidali Industrial and Commercial Union, ndipo lidatsegula chitseko kwa wantchito aliyense posayang'ana mtundu, chilankhulo kapena ntchito yomwe amagwira.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, mitengo ya zakudya idakwera kwambiri, pomwe malipiro adali pomwepo. Chikhalirecho sitima zinkapitiriza kunyamula chakudya kupita nacho ku Ulaya. Mu Disembala 1919 antchito a padoko pafupifupi 2,000 adanyanyala ntchito. Ankafuna zinthu ziwiri: chakudya chisiye kutuluka m'dzikomo, ndipo malipiro akwere. Poyamba bungwe la azungu ogwira ntchito kunjanji ndi kudoko lidaoneka ngati lili nawo limodzi. Boma litangovomera kuletsa kutumiza chakudya kunja, azunguwo adabwerera m'mbuyo, chifukwa nkhani ya malipiro a anthu akuda sinkawakhudza. Asilikali ndi apolisi adabwera, ndipo sitalakayo idatha patapita pafupifupi masabata awiri.

Komabe eni makampani a padoko adali ataona kuti sitima sizingapakulidwe popanda manja a anthu amenewa. Mu 1920 adavomera kulipira masheleni 8 pa tsiku, pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe ambiri ankalandira. Mbiri imeneyi idafalikira m'madoko ndi m'matauni ena.

Boma lidayankha ndi mphamvu. Ku Port Elizabeth, mtsogoleri wa antchito Samuel Masabalala adamangidwa mu Okutobala 1920 chifukwa chofuna malipiro a masheleni 10 pa tsiku. Anthu atasonkhana papolisi kufuna kuti atulutsidwe, adaomberedwa, ndipo oposa 20 adafa. Kumapeto kwa chaka chomwecho Kadalie adalandira chikalata chomuthamangitsa m'dzikomo monga mlendo wosafunika. Maloya ndi anthu ena omufunira zabwino adalimbana nacho chikalatacho mpaka boma lidachichotsa. Koma nkhani yoti iye ndi wobwera idamutsatira moyo wake wonse.

Khadi lofiira

Kadalie sankalankhula bwino Chixhosa, Chizulu kapena Chisotho. Pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali pake. Ngakhale zidali choncho, anthu ankabwera mwaunyinji kudzamumvera, chifukwa ankatchula poyera zinthu zomwe ena ankangonong'onezana: malipiro, chitupa, chikwapu cha pafamu. Mu 1923 ICU idayambitsa nyuzipepala yake, The Workers' Herald. Mu 1925 nthambi ya ku Durban idakula mofulumira pansi pa A. W. G. Champion, ndipo pofika 1926 likulu la bungweli lidali litasamukira ku Johannesburg.

Ku Durban, Champion ankagwiritsa ntchito makhoti. Mwa zina, ICU idagonjetsa lamulo la mzindawo lokakamiza anthu akuda obwera kudzafuna ntchito kuti aviikidwe m'mankhwala pamodzi ndi katundu wawo, monga zimachitikira ndi ng'ombe padibi. Mu 1926 boma lidaletsa Kadalie kulowa m'chigawo cha Natal. Iye adapitabe, adaimbidwa mlandu, ndipo adapambana pa apilo. Kwa anthu omwe adazolowera kuti mawu a mzungu ndiwo lamulo, kuona munthu wakuda akupambana boma m'khoti chidali chinthu chachikulu.

M'zaka za 1926 ndi 1927 bungweli lidalowa m'mafamu a ku Natal, Orange Free State ndi kummawa kwa Transvaal. Kumeneko kudali mabanja ambiri okhala pamalo a mzungu, omwe ankalipira malowo ndi ntchito ya miyezi ingapo pachaka, ya bambo, mayi ndi ana omwe, kawirikawiri popanda malipiro enieni. Eni mafamu atayamba kulima mbewu zogulitsa ndi kuweta nkhosa zambiri, adayamba kuchepetsa minda ndi ng'ombe za mabanjawa, ndipo ena ankawathamangitsa. Anthu amenewa adalandira ICU ngati mvula yoyamba. Ankagula khadi lofiira la umembala n'kulisunga mosamala. M'Chingerezi, zilembo za ICU zikatchulidwa zimamveka ngati mawu otanthauza kuti ndikukuona, ndipo anthu ankalimva choncho dzinalo: bwana akamenya wantchito kapena kumubera malipiro, pali wina amene akumuona.

Pofika 1927 ICU inkawerengera mamembala pafupifupi 100,000. Idali ndi nthambi ku Lüderitz, m'dziko lomwe lero ndi Namibia, ndipo mu 1927 Robert Sambo, yemwenso adali wochokera ku Nyasaland, adakayambitsa ina ku Bulawayo mpaka boma la kumeneko lidamuthamangitsa. Malo amodzi okha ndiwo adakanika: makomboni a migodi ya golide, omwe adali otchingidwa ndi kulonderedwa. Amuna a ku Gaza ndi Inhambane omwe ankakhala m'makomboni amenewo, pamodzi ndi anzawo ochokera kwina, adatsala kunja kwa bungwe lalikululi.

Antchito achizungu atseka chitseko

Kadalie ankakhulupirira kuti wantchito ndi wantchito, kaya ndi woyera kapena wakuda, ndipo kuti tsiku lina onse adzaima pamodzi pamaso pa mabwana. Zochitika zidamutsutsa kangapo.

Mu 1922 azungu ogwira ntchito m'migodi adachita sitalaka yaikulu yomwe idasanduka nkhondo, mpaka boma la Jan Smuts lidatumiza asilikali ndi ndege. Chomwe ankamenyera chidali choti ntchito zawo zisapatsidwe kwa anthu akuda olipidwa pang'ono, ndipo m'masiku amenewo magulu ena a azungu adapha anthu akuda osalakwa. Mu 1924 padakhazikitsidwa lamulo lokonza zokambirana pakati pa mabwana ndi mabungwe a antchito, koma lidalembedwa mwakuti mwamuna wakuda woyenda ndi chitupa sankawerengedwa ngati wantchito. Ankagwira ntchito, koma pamaso pa lamulolo adalibe mpando pokambirana za malipiro ake.

Pa chisankho cha 1924 Kadalie adalimbikitsa ovota akuda a ku Cape kuti asankhe mgwirizano wa J. B. M. Hertzog ndi chipani cha Labour, poganiza kuti chipani cha antchito chidzakumbukira antchito onse, komanso pokwiya ndi magazi omwe boma la Smuts lidakhetsa. Apa adalakwitsa kwambiri. Boma latsopanolo lidayamba kuchotsa anthu akuda ntchito za kunjanji ndi za boma n'kuikapo azungu osauka pa malipiro okwera, ndipo mu 1926 lidalimbitsa lamulo losungira azungu ntchito zaluso m'migodi. Mzungu wosauka adapatsidwa gawo laling'ono la phindu la tsankho, ndipo gawo limenelo lidakwanira kumulekanitsa ndi mnzake wakuda.

Mu 1927 Kadalie adapita ku Ulaya. Adafika ku Geneva pamsonkhano wa bungwe loona za ntchito padziko lonse, ngakhale boma la South Africa lidakana kumutuma ngati nthumwi, ndipo adalankhula m'misonkhano ya antchito ku Britain ndi m'maiko ena. Kumeneko adalandiridwa ndi ulemu. Atabwerera, ICU idapempha kulowa m'bungwe lalikulu la mabungwe a antchito la South Africa, lomwe mamembala ake ambiri adali azungu. Mu 1928 pempholo lidakanidwa. Atsogoleri a bungwelo ankaopa kuti mamembala 100,000 akuda adzawaposa pa voti, komanso kuti azungu ambiri adzatulukamo.

Chitsanzo china chidaoneka kumapeto kwa 1928. Nduna yoona za mapositi, Walter Madeley wa chipani cha Labour, idalandira nthumwi zokadandaula za malipiro a antchito akuda a ku positi, ndipo pakati pawo padali a ICU. Hertzog sadafune kuti msonkhanowo uchitike. Madeley atakana kutula pansi udindo, Hertzog adathetsa gulu lonse la nduna n'kulipanganso popanda iye. Kungokhala patebulo limodzi ndi bungwe la antchito akuda kudachotsetsa nduna pampando.

Ming'alu ya m'kati

Adani a kunja sadali okhawo omwe adagwetsa ICU. Bungweli lidakula mofulumira kuposa momwe likadathera kudzisamalira. Ndalama za umembala zinkalowa zambiri, koma mabuku a ndalama sankalembedwa bwino. Zambiri zinkathera kwa maloya, pa magalimoto ndi pa malipiro a alembi, ndipo ena mwa alembiwo ankaba. Ambiri adali aphunzitsi ndi makalaliki odziwa kulankhula pagulu, koma osazolowera ntchito yapang'onopang'ono yosonkhanitsa anthu pafakitale imodzi kapena pafamu imodzi, kusankha oimira anzawo ndi kusunga thumba lothandizira pa nthawi ya sitalaka.

Mamembala omwe adalinso m'chipani cha chikomyunizimu, monga James La Guma, E. J. Khaile ndi John Gomas, ankafuna kuti ndalama ziziwerengedwa poyera ndiponso kuti bungwe lizichita masitalaka m'malo mongolankhula. Mu Disembala 1926 adachotsedwa. Kadalie adali atayamba kumvera malangizo a azungu ena omufunira zabwino, omwe ankafuna kuti ICU ikhale bungwe lofatsa ngati mabungwe a ku Britain. Kuyambira pamenepo, antchito akanyanyala ntchito paokha, kawirikawiri atsogoleri a ICU ankawauza kuti abwerere.

Kumafamu zinthu zidafika poipa. Alembi ena adalonjeza anthu kuti khadi lofiira lidzawabweretsera malo. Malowo sadabwere. M'malo mwake eni mafamu adathamangitsa mabanja ambiri omwe adapezeka ndi khadilo, ndipo mu 1928 magulu a azungu adaononga ndi kuotcha maofesi a ICU ku Greytown ndi m'matauni ena a ku Natal. Banja lomwe lidataya nyumba, munda ndi msipu chifukwa cha khadi lidapeza kuti bungwe lilibe pokalisungira. Anthu adayamba kusiya kupereka ndalama.

Mu 1928 Champion adaimitsidwa pa udindo pa nkhani za ndalama, ndipo nthambi ya ku Durban, yomwe inkabweretsa ndalama zambiri, idapatuka n'kukhala ICU yase Natal. Pa mikangano imeneyi ena adayamba kukumbutsa anthu kuti Kadalie ndi mlendo wochokera ku Nyasaland. Bungwe lomwe lidayamba pokana kusankhana mitundu lidayamba kugawikana motsata zigawo ndi zilankhulo. Chaka chomwecho Kadalie adaimbidwa mlandu pansi pa lamulo la 1927 loletsa kudzetsa chidani pakati pa akuda ndi azungu, ndipo khoti lidamupeza wosalakwa. Kudabweranso William Ballinger, mlangizi wochokera ku Scotland, kudzakonza kayendetsedwe ka bungwe. Iye adapeza thumba lili lopanda kanthu, ndipo posakhalitsa adayambana ndi Kadalie, yemwe sankafuna kuuzidwa zochita komanso adali atayamba kudziwika ndi kumwa. Kumayambiriro kwa 1929 Kadalie adachoka m'bungwe lomwe adaliyambitsa yekha.

Zaka za ku East London

Adayambitsa bungwe lina laling'ono, Independent ICU, lomwe mphamvu zake zidali mumzinda wa East London. Mu Januwale 1930 adatsogolera sitalaka ya antchito a kunjanji ndi kudoko, yomwe idafalikira kwa antchito ena a mumzindawo. Adamangidwa n'kukhala m'ndende miyezi iwiri. Atatuluka adakhazikika ku East London komweko ndi banja lake, akuthandiza anthu a m'malokeshoni pa nkhani za malipiro, lendi ndi zitupa. Sadakhalenso ndi mphamvu ngati za kale. Adamwalira mumzindawo mu Novembala 1951, patangopita zaka zitatu chikhazikitsireni boma la apartheid. Buku lomwe adalemba lofotokoza moyo wake, My Life and the ICU, lidasindikizidwa mu 1970.

Zomwe zidatsala

ICU sidathetse chitupa, sidabweze malo, ndipo malipiro omwe idakweza adali a anthu ochepa. Komabe idasiya chinthu chomwe boma silidathe kufafaniza. Anthu masauzande ambiri, m'madoko, m'makhitchini a azungu ndi m'mafamu akutali, adamva kwa nthawi yoyamba kuti umphawi wawo udakonzedwa ndi anthu, kudzera m'malamulo olembedwa ndi anthu, ndipo ungathe kusinthidwa. Ena mwa omwe adaphunzira ntchito mu ICU adapitiriza m'mabungwe ena. Mu 1946 antchito akuda a m'migodi adachita sitalaka yaikulu. Mu 1973 antchito a ku Durban adanyanyalanso ntchito mwaunyinji, ndipo mu 1979 boma lidakakamizika kuvomereza mabungwe a antchito akuda, patapita zaka 60 kuchokera pa msonkhano wa anthu 24 uja. Mabungwe atsopanowa adasamala kwambiri zomwe ICU idanyalanyaza: oimira antchito osankhidwa pamalo pa ntchito, ndi atsogoleri oyankha kwa mamembala.

Lero malamulo aakulu a dziko lathu, m'ndime 86 ndi 87, amapatsa wantchito ufulu wolowa sindikato ndi ufulu wonyanyala ntchito motsata lamulo. Anthu a m'nthawi ya Kadalie ankamangidwa, kuthamangitsidwa pamalo ngakhale kuomberedwa chifukwa chofuna zinthu ziwiri zimenezi. Mbiri yake ikutikumbutsa mafunso omwe membala aliyense wa sindikato, wa kopaletivi kapena wa bungwe la alimi ayenera kumafunsa: ndalama zathu zalembedwa pati, adasankha mtsogoleriyu ndani, ndipo zomwe akutilonjezazi zingatheke? Ikutikumbutsanso kuti wina akayamba kutiuza kuti mnzathu wa pantchito ndi mlendo, ndi wa mtundu wina kapena wa khungu lina, tiyambe taona amene apindule tikagawikana. Ku Cape Town mu 1919, makaladi, Axhosa ndi mnyamata wa Chitonga wochokera kunyanja adaimitsa doko lonse chifukwa adakana kugawidwa motero.